Nambala ya Pakamwa Pawiri

Ndikulemba izi ine mwini, ndi dzanja langa, pofuna kufotokoza za kope lina la chikuto chobiriwira limene linapezeka m'nyumba mwanga pa nthawi imene tinkachotsa denga la udzu kuti tikhome malata. Amene analipeza ndi mwana wanga wamkazi woyamba, yemwe pakali pano ndi mphunzitsi wa masamu pa sukulu ina ya sekondale cha ku Dwangwa. Kopelo linali litakulungidwa m'pepala la pulasitiki ndi kutsomekedwa pa phaso, ndipo ine ndinali nditaliiwala. Iye analitsegula ali chiimire pakhonde, nawerenga tsamba loyamba, kenaka anakhala pansi.

"Bambo, fankishoni munaiphunzira kuti?"

Ndinamuyankha kuti sindinaiphunzire, ndiponso kuti aka kanali koyamba kulimva dzinalo.

"Ndi iyitu," anatero, akuloza tsambalo, limene ndinaligawa pakati ndi mzere wa pensulo. "Fankishoni ndi lamulo loti ukalipatsa chinthu chimodzi, limakubwezera chinthu chimodzi. Chimene wapereka timachitcha cholowa, chimene wabwezeredwa timachitcha chotuluka. Manambala anu a kumanzerewa ndi zolowa, mawu a kumanjawa ndi zotuluka. Choletsedwa ndi chimodzi chokha, kuti cholowa chimodzi chikhale ndi zotuluka ziwiri. Ana anga a fomu fili amagwa pomwepo chaka ndi chaka."

Ndinamupempha kuti anawo asamawakalipire kwambiri, pakuti bambo ake anagwa pomwepo, ndipo ukwati wawo unatsala pang'ono kutha iye ali m'mimba. Anafuna kuti ndimufotokozere. Ndinamufotokozera pakamwa tsiku lomwelo, koma ndaona kuti ndi bwino nkhaniyi ikhalenso pa pepala.

Choyamba ndiyenera kunena za ntchito yanga. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Nditakwatira ndinakakhala kwa akazi anga monga mkamwini, m'mudzi wina umene uli m'mbali mwa kamtsinje kamene kamathira m'Bua, kufupi ndi kumene Bua amafika m'nyanja. M'chaka changa choyamba kumeneko kunabwera anthu a ku ofesi yoona za madzi, nakhomerera chitsulo chachitali pa thanthwe, kumtunda kwa mudzi. Pa chitsulocho panali manambala, kuyambira wani pansi mpaka thwelofu pamwamba, ndipo iwo ankachitcha geji. Anafuna munthu wodziwa kulemba woti aziwerenga pamene madzi alekezera m'mawa ndi madzulo, ndi kutumiza fomu mwezi ukatha. Anasankha ine. Kuyambira pamenepo mudzi wonse unkanditchula kuti akalaliki a madzi, ndipo ambiri mwa ana anakula osadziwa kuti ndili ndi dzina lina.

Ku ofesiko kunkachokera makalata otayipidwa ondikumbutsa za udindo wanga. Makalata amenewo ndinkawakopera mobwerezabwereza kufikira nditawaloweza. Kalembedwe kanga konse ndinakaphunzira mmenemo, ndipo amene akuona kuti n'kouma andikhululukire, chifukwa ndilibe kena.

Minda yathu ya mpunga inali kutsidya kwa kamtsinjeko. Mlatho kunalibe. Anthu ankawolokera pa doko lina kumunsi kwa mudzi, ulendo wotalikirapo ndithu, ndipo m'dzinja zinkachitika kawirikawiri kuti munthu wasenza katundu mpaka pa doko, wapeza madzi achuluka, nabwerera nawo katunduyo. Motero anthu anayamba kundidikirira pa mtengo wa mango umene unali pa mphambano, ndikamachokera ku geji m'mawa.

"Akalaliki, madzi lero ali pati?"

Poyamba ndinkawauza nambala, monga mmene ndinkalembera pa fomu. Alamu anga, mlongo wa akazi anga, mwamuna wamfupi wa nthabwala zosatha, ndi amene anandiletsa.

"Alamu, sikisi yanuyo ine ndiivale kapena ndiidye? Ndiuzeni ngati kabudula wanga anyowe."

Ndinaona kuti akunena zoona. Nambala ya pa geji si kuya kwa pa doko, pakuti pa thanthwe mtsinje ndi wopapatiza ndipo pa doko ndi wotambalala. Chotero dzinja lonse loyambalo ndinadzipatsa ntchito imene a ku ofesi sanandipatse. Ndikawerenga geji, ndinkatsika mpaka pa doko, n'kulowa m'madzi, n'kuima pakati penipeni pamene pali pakuya, n'kuona pamene madzi andilekeza. Kenaka ndinkalemba m'kope lobiriwira lija, nambala kumanzere, malo a pa thupi kumanja. Fili ankapereka akakolo. Faifi ankapereka mawondo, sikisi ndi seveni ntchafu, eyiti chiuno, teni chifuwa. Kuyambira leveni sindinalowemo, ndipo kumanja ndinangolemba kuti musawoloke.

Mwana wanga, powerenga tsambali, anandiuza kuti sikisi ndi seveni kupereka yankho limodzi si mlandu. Zolowa ziwiri zikhoza kutulukira khomo limodzi. Kuipa kwake n'kwakuti munthu akangomva yankho sangabwerere m'mbuyo n'kudziwa nambala imene inalowa. Ndinamuuza kuti pa mango paja panalibe amene ankafuna kubwerera m'mbuyo. Onse ankafuna kuwoloka.

Masiku amenewo ndimawakumbukira ndi mtima wonse. Ndinkadzuka mame asanaume, kope m'thumba la malaya, pensulo kukhutu. Njira ya ku geji inkadutsa m'minda ya chinangwa, ndipo pofika pa thanthwe mathalauza amakhala atanyowa mpaka m'mawondo madzi a mtsinje asanandikhudze. Ndinkagwada, n'kupukuta ndere pa chitsulo ndi chala, n'kudikira kuti funde lidutse ndisanawerenge. Pobwerera ndinkapeza pa mango amayi ndi makasu awo, asodzi a mono, ndi fundi wina wosoka zovala amene Lachisanu lililonse ankawolokera ku mzikiti wa kutsidya ndipo ankafuna kudziwa ngati kanzu yake, mkanjo wautali wopempherera, aivale kapena aisenze. Ndinkatchula mawu amodzi okha, ndipo anthu ankabalalika aliyense ndi chochita chake. Mkamwini ndi mlendo m'mudzi wa mkazi wake, ndipo amamuyesa ndi khasu. Ine pa khasu ndinali wapakatikati. Chimene chinandipatsa malo m'mudzi umenewo chinali chakuti mawu anga a m'mawa sankaphonya.

Tsopano ndiyenera kunena za apongozi anga aakazi. Anali mayi wamasiye, wamfupi kuposa ana ake onse, wosalankhula kawiri. Monga mwa mwambo, ine ndi iwo tinkapewana. Tikakumana pa njira, mmodzi ankapatukira m'tchire. Sitinkayang'anana kumaso, ndipo mawu aliwonse a pakati pathu ankadzera mwa akazi anga. M'mawa uliwonse akazi anga ankamva yankho langa, napita nalo kwa mayi awo. Koma sankalipereka monga analilandirira. Ine ndine wamtali kwambiri, ndipo iwo ankadziwa kuti chiuno changa ndi chifuwa cha mayi awo. Ndikati mawondo, iwo ankakanena kuti pitani koma mukwinye nsalu. Ndikati chiuno, ankakanena kuti lero khalani pakhomo. Mwana wanga atamva izi anaseka, nati amayi ake anali fankishoni yachiwiri, chifukwa chotuluka kwa ine chinali cholowa kwa iwo. Akazi anga, amene ankamvetsera akusenda chinangwa, anati iwo sanalembedwepo ntchito imeneyo ndipo malipiro ake sanawaonepo.

Apongozi anali ndi mbewu yawo ya mpunga wonunkhira imene analandira kwa mayi awo. Sankaisakaniza ndi mbewu ina iliyonse. Chaka chimenecho mbalame zinali zitawononga zokolola, ndipo mbewu yotsalayo inali yochepa. Anaifesa yonse pa nazale kuseri kwa nyumba yawo, kuti aziiyang'anira okha, ndipo mbande zitakula anazizula madzulo ena, nazimanga timitolo, naziika m'dengu, kuti m'mawa mwake akaziwokere kutsidya.

Usiku umenewo kumapiri kunagwa mvula, ngakhale kwathu sikunadonthe. M'mawa ndinapeza geji ili pa eyiti. Pa mango ndinapeza alamu anga ndi amuna ena awiri, ndipo ndinawauza kuti madzi ali m'chiuno. Akazi anga anali atalawirira ku sikelo, pakuti anali oyembekezera, ndipo sakanabwera dzuwa lisanafike pamutu.

Nditafika pakhomo ndinamva kutsokomola kuseri kwa nkhokwe. Ndinadziwa kuti ndi apongozi, ndipo ndinanjuta pansi nditafulatira. Iwo analankhula ngati akulankhula ndi nkhuku zimene zinkapalasa pamenepo.

"Mwana wanga wapita ku sikelo. Mbande zanga zikufota. Kaya eni ake a madzi abwerako?"

"Ndabwerako, mayi."

"Tati timve. Ali pati?"

Yankho linali m'kope, ndipo linalinso pa lilime langa. Koma mawu akuti chiuno ndi mawu amene mkamwini sangawatchule pamaso pa mayi amene anabala mkazi wake. Pakati pa amuna anzanga ndinkawatchula tsiku ndi tsiku osaganiza kanthu. Apa anandilemera ngati mwala. Ndinafunafuna mawu ena aulemu, ndipo ndinapeza awa.

"Apitirira mawondo, mayi."

Limeneli silinali bodza kwenikweni, pakuti madzi a m'chiuno amakhala atapitiriradi mawondo. Koma iwo anafunsanso.

"Pang'ono?"

"Pang'ono, mayi."

Ndikuvomera pa pepala lino kuti apa ndi pamene ndinanama. Ndinaganiza kuti ndikadzuka ndithamangira kwa alamu anga kuti akawaletse mayi awo. Koma alamu anali atapita kale ku miono yawo, ndipo pamene ndinkawafunafuna, apongozi anali atasenza dengu.

Zimene zinachitika pa doko ndinazimva kwa amayi awiri amene ankachapa pamenepo. Apongozi analowa atakwinya nsalu mpaka m'mawondo. Madzi anakwera, koma iwo anapitirira, akukhulupirira kuti pakuya ndi pomwepo ndipo posachedwa patsika, chifukwa akalaliki sanaphonyepo. Pakati pa mtsinje madzi anawafika pachifuwa. Phazi linaterera, ndipo anasiya dengu kuti agwire bango. Amayi aja anawakoka ndi nsalu. Dengu linapita ndi madzi, ndipo timitolo ta mbande tinamwazikana kulowera ku Bua. Ine ndinafika ndikuthamanga pamene iwo ankatuluka, ndipo ngakhale pamenepo, atanyowa thupi lonse akunjenjemera, anatembenuka kundifulatira monga mwa mwambo.

Tsiku lachitatu akazi anga anandiuza kuti atsibweni awo, amene anali mwini mbumba, aitanitsa ankhoswe, ndipo mayi awo anena kuti sakufuna kukhala mudzi umodzi ndi munthu amene anawatumiza m'madzi. Ndinadziwa tanthauzo lake. Mkamwini akauzidwa kuti apinde mphasa yake, amapita yekha. Mkazi amatsala, ndipo mwana amene ali m'mimba ndi wa mudziwo.

Ndinachita chimene ndinkachidziwa. Ndinalemba kalata. Sindinaganizire kuti apongozi sadziwa kuwerenga, ndiponso kuti amene adzawawerengere pa bwalo ndi alamu anga.

Tinakhala m'mawa pakhomo pa atsibweni. Iwo anali munthu wofatsa, wokonda kuluka mono, ndipo nthawi yonse ya nkhaniyo manja awo sanasiye kuluka. Mkulu wanga, amene anali nkhoswe yanga, anakhala pambali panga. Apongozi anakhala kuseri kwa mpanda wa bango, pamene ankamva zonse osaoneka. Alamu anaimirira, nakonza kolala ya malaya imene analibe, nawerenga ndi mawu a pa wailesi.

"Kwa Mayi, Apongozi Anga Olemekezeka. Mutu, kupepesa pa nkhani ya madzi. Ndili ndi ulemu kukudziwitsani kuti ndalandira ndi chisoni chachikulu uthenga wa ngozi imene inakugwerani pa doko. Cholakwacho chinachitika pa zifukwa zimene sindingathe kuzitchula m'kalata ino." Apa alamu anatsitsa pepala. "Mwamva, atsibweni? Ngakhale pepala lachita manyazi."

Ena anaseka.

"Khalani pansi, inu," anatero atsibweni. Kenaka anandiyang'ana. "Akamwini, geji yanu tsiku limenelo inati chiyani?"

"Eyiti."

"Kwa alamu anuwa eyiti munamumasulira bwanji?"

Ndinayang'ana ku mpanda. Alamu anadzimenya m'chiuno ndi chikhatho.

"Anati apa."

"Nanga kwa mlongo wanga?"

"Ndinati apitirira mawondo pang'ono."

"M'mawa womwewo?"

"Womwewo."

"Mtsinje womwewo?"

"Womwewo."

Atsibweni analuka kanthawi. "Ndiye eyiti wanuyu ali ndi pakamwa pawiri. Pena pa amuna, pena pa apongozi. Mawa akadzabwera shehe kapena abusa, adzatsegula pachitatu?"

Mkulu wanga anayesa kundithandiza, nati ndinachita zimenezo chifukwa cha ulemu, ndipo kwathu tinaleredwa motero. Pamenepo apongozi analankhula kwa atsibweni ali kuseri kwa mpanda, ndipo mawu awo ndimawakumbukira monga analili.

"Achimwene, wondinyoza ndimamudziwa, ndipo ndimamulambalala. Koma wondinamiza pondilemekeza ndidzamulambalala bwanji? Ulemu wake unandifika pachifuwa. Mbewu ya mayi anga ili m'nyanja."

Atsibweni anapempha kope langa, nalitembenuzatembenuza, ngakhale nawonso kuwerenga kunali kowavuta.

"Thupi limene mwalemba umu ndi la yani?"

"Langa."

"Taimirirani." Ndinaimirira. Iwo anasiya mono, nadzaima pambali panga, ndipo mutu wawo unandilekeza paphewa. "Mbumba yanga yonse ndi ya afupi. Inu munayeza mtsinje wathu ndi miyendo ya kwanu. Mpaka lero watipulumutsa ndi mkazi wanu. Tsono iye akadzakhala pa chikuta, mlongo wanga n'kudzafunsanso, mudzanena chiyani?"

Anabwerera pamalo pawo, natolanso mono.

"Mukaganize. Kuwokera kusanathe mutibweretsere yankho loti mungathe kulipereka kwa aliyense, osasintha, osachita manyazi. Likasowa, mkulu wanu adzakuthandizani kupinda mphasa. Sindikunena mwaukali. Ndikunena kuti mudziwe."

Ndinayamba ndi mbewu, chifukwa imeneyo inali yosavuta kuiganizira. Akazi anga anakumbukira kuti zaka za m'mbuyo mayi awo anapatsako mbewu ija msuweni wawo wina wa ku Kanyenda. Ndinapita wapansi, ndinafotokoza mlandu wanga wonse osabisa, ndipo mayiyo, atandiseka mokwanira, anandizulira timitolo tingapo pa nazale yake. Ndinatisenza m'thumba lonyowa, n'kukatiwokera ndekha m'munda wa apongozi. Sitinadzaze ngakhale theka la munda, koma mbewu inali yomweyo. Akazi anga anakanena zimenezi kwa mayi awo. Yankho linabwera lakuti amva.

Funso la atsibweni ndi limene linandivuta. Ndinaganiza zobwerera ku manambala, koma nambala yokha siiuza munthu kanthu, monga alamu ananenera kale. Ndinaganiza zolemba makope awiri, la atali ndi la afupi, koma anthu sali a misinkhu iwiri yokha, ndiponso mawu ondilemera aja akanakhalamobe. Ndinaganiza zotchula ziwalo za ng'ombe m'malo mwa za munthu, ndipo akazi anga anandifunsa ngati ndikufuna kuti mayi awo amve kuti ndawatcha ng'ombe.

Yankho linabwera tsiku lina ndikuwoloka ndi nsungwi imene ndinadula kuti ndikonzere khola. Ndinaigwiritsa ntchito ngati ndodo, ndipo nditafika kutsidya ndinaona kuti yanyowa mpaka pa mfundo yachinayi, ndipo pamwamba pake ndi pouma. Ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana mzere umenewo. Nsungwiyo inali itanena zonse zimene ine ndinalephera kunena, ndipo sinatchule chiwalo cha munthu aliyense.

Ndinayambiranso kuyeza. Tsiku lililonse ndikawerenga geji ndinkatsikira ku doko ndi nsungwi yomweyo, n'kuiimika pakuya paja, n'kulemba ndi mpeni pamene madzi alekeza. Mwamwayi sabata zimenezo madzi ankakwera ndi kutsika kawirikawiri, ndipo ndinapeza zizindikiro za manambala ambiri. M'kope ndinatsegula tsamba latsopano. Kumanzere kunali manambala omwe aja, koma kumanja ndinachotsa thupi langa n'kulembako mfundo za nsungwi ndi zala zowonjezera. Kenaka ndinazika nsungwi ina yofanana nayo pa mango paja, ndipo akazi anga anandipatsa kansalu kofiira kong'ambika ku mpango wawo wakale. M'mawa uliwonse ndinkamanga kansaluko pamene madzi a pa doko afike tsikulo. Aliyense wofuna kuwoloka ankangoima pambali pa nsungwi, n'kudzionera yekha pa thupi lake.

Mwana wanga anayang'ana tsamba lachiwirili nthawi yaitali kuposa loyamba. Anati loyamba linali ndi vuto ngakhale ndikanapanda kunama, chifukwa yankho lake silinkadalira nambala yokha, linkadaliranso msinkhu wa wofunsa, chinthu chimene sichinalembedwe kumanzere. Koma lachiwirili, anatero, ndi loyera. Nambala imodzi, malo amodzi a kansalu, kaya wofunsa ndi ndani. Anapempha kuti alijambule ndi foni akaonetse ana ake a m'kalasi, ndipo ndinamulola.

Anthu anaizolowera nsungwiyo msanga. Alamu ankaima pambali pake atanyanyamphira, n'kumati lero atalika. Fundi uja ankayeza kanzu yake pa iyo. Koma apongozi sanabwere. Ankatumabe akazi anga, ndipo atsibweni sananene kanthu. Kuwokera kunali kutatsala sabata imodzi. Mkulu wanga anatumiza mawu akuti kwathu malo alipo ndipo ndisade nkhawa, mawu amene anandidetsa nkhawa koposa.

M'mawa wina geji inali pa sikisi. Ndinafika pa mango, ndinamanga kansalu, ndipo ndikumanga mfundo yomaliza ndinamva kutsokomola kuja. Pa mphambano panalibe munthu wina. Ndinapatuka msanga, n'kukanjuta kuseri kwa mtengo nditafulatira. Ndinamva mapazi akuyandikira, kenaka khasu likuikidwa pansi. Ndikuvomera kuti ndinasuzumira pang'ono. Apongozi anali ataima pambali pa nsungwi, ataongoka ngati msilikali, dzanja lawo lili pa kansalu, ndipo kenaka analisuntha molunjika kufika pa thupi lawo. Anayang'ana pamene dzanjalo lafika, nagwedeza mutu. Atatero analankhula, koma osati kwa ine.

"Iwe nsungwi, ulibe manyazi. Wandiuza zoona pamaso." Anatola khasu lawo. "Ukawauze eni ako kuti mpunga uja wagwira. Ukawauzenso kuti mphasa yawo aisiye pomwe ili. Mwana akubwerayu adzafuna womunyamula powoloka."

Anakwinya nsalu yawo pomwepo, doko lisanafike, kufikira pamene nsungwi inawauza, natsika ndi njira. Ine ndinakhalabe kuseri kwa mango mpaka amayi ena atafika ndi kundifunsa ngati ndadwala.

Mwanayo anabadwa mpunga ukucha, ndipo ndinamuwolotsadi pa doko limenelo ali paphewa zaka zingapo. Nsungwi ndinkaisintha chaka ndi chaka chifukwa cha chiswe. Chaka china madzi osefukira anasuntha mchenga wa pa doko, ndipo zizindikiro zonse zinasokonekera. Ndinachotsa kansalu kwa sabata ziwiri, n'kuuza anthu poyera kuti sindikudziwa, kufikira nditayezanso. Apongozi anatumiza mawu kudzera mwa akazi anga kuti kusadziwa kwa mtundu umenewo akukulandira.

Iwo anamwalira zaka zingapo zapitazo. Mpaka tsiku lomaliza sitinayang'anane kumaso, koma atakalamba ankakonda kukhala pa mango paja m'mawa, atafulatira, n'kumauza nsungwi zonse zimene ankafuna kuti ine ndimve, za mvula, za adzukulu, za mbuzi zanga zimene zinkawadyera chinangwa. Ine ndinkayankha ndikuyang'ana kope. Mbewu yawo ya mpunga ilipobe, ndipo akazi anga saisakaniza ndi ina.

Pakali pano pa doko pali mlatho wa simenti, ndipo njinga zamoto zimadutsa osachepetsa liwiro. Makalata a ku ofesi anasiya kubwera kalekale, ndipo palibe amene anandilembera kuti ntchito yatha. Chitsulo chikadalipo pa thanthwe, koma dzimbiri ladya manambala a pansi, ndipo otsala ndi kuyambira faifi. Mvula ikagwa kumapiri ndimapitabe m'mawa kukayang'ana. Pobwerera pa mango sipakhala wondidikira. Akazi anga okha ndi amene amandifunsa ndikafika pakhomo.

"Akalaliki, madzi lero ali pati?"

Ndimawauza nambala, ndipo iwo amati mayi lero akanawoloka, kapena mayi lero akanakhala pakhomo. Kope litapezeka ndinafufuzamo, ndipo sanaphonyepo.

Zimene ndinafuna kuika pa pepala ndi zimenezi. Kope lobiriwira ndalipereka kwa mwana wanga kuti alisunge, pamodzi ndi pempho limodzi, lakuti akamaonetsa ana ake tsamba lachiwiri asawabisire loyamba.